Ana Okana Kukula

Usiku ku Recife fani imalira ngati ya chifuwa.
Khofi amene Edileuza anandisiyira pawindo wazizira kale.
Ndawerama pa maikulosikopu
ndi dontho limodzi la magazi a bedi 14.

Dzina lake Nivaldo. Amakonza maambulera
kuseri kwa msika wa São José.
Anabwera nkhama zikuchucha,
mikono yonse mikwingwirima ngati anakumana ndi achifwamba,
chikhalirecho palibe anamukhudza.

Pagalasi ndikuona ana okhaokha.
Maselo onenepa, mimba zodzaza timadontho,
ena asenza timitolo ta nkhuni zofiirira
koma kokakoleza moto sakudziwa.
Anafika pakati pa ulendo wa kukula, n'kukhala pansi.
Akungobalana, kubalana,
mpaka m'mafupa mwasowa popondapo.

Mlandu uli mkati, kumene diso langa silifika.
M'selo lililonse muli ulusi wautali wa malangizo
wopombedwa pa timabobini ngati wa telala.
Pamalo ena a ulusiwo pamakhala alonda awiriawiri,
mmodzi atatambasula chikhatho.
Chikhathocho chikakhala chopanda kanthu
amakumbatira omanga mfundo,
ulusi umathina, mawu a pamenepo sawerengeka.
Kenako kumabwera kadontho ka asidi,
mdzukulu wa vitamini A, yemwe uja wa m'karoti ndi m'chiwindi.
Kamagwera m'chikhatho, chala chimodzi chimapinda n'kukatsekera,
basi mlonda wasintha kaimidwe.
Omanga mfundo amapulumuka m'manja, kumafika omasula,
ulusi umalefuka,
wokopera amadutsa akuwerenga chilembo ndi chilembo
ndipo selo limamva mawu ake: kula tsopano.

Kwa Nivaldo ulusi wa nambala 15 ndi wa 17
unaduka n'kulumikizana mosemphana,
ngati nthiti ya ambulera ina yomangidwa pa inzake.
Mlonda anatuluka atamatana ndi mlendo
ndipo anagwira omanga mfundo aja
monga igwirira nkhanu ya m'matope a Capibaribe.
Kadontho ka masiku onse kamagogoda. Iye duu.

Dokotala Valdemir analemba makapisozi asanu ndi atatu patsiku:
asidi yemweyo, koma wosefukira
ngati mvula ya mu Juni ikamiza milatho.

Tsiku lachitatu, palibe kanthu.
Milomo yake yang'aluka, mutu ukugunda, wakana supu.
Tsiku lachisanu ndi chimodzi anawo anadzuka onse pamodzi,
anathithikana m'mapapo, iye n'kuyamba befu,
ndipo Edileuza anachezera pambali pa silinda ya mpweya.
Ine ndinawerenga galasi lomwelo kanayi
ngati manambala angandimvere chisoni.

Tsiku la 11 ndinaona limodzi
phata lake litapindika ngati nyemba.
Sindinauze munthu. Limodzi si umboni.

Lero ndi la 19.
Ndikuyendetsa galasi pang'onopang'ono, ndipo ali ponseponse,
maphata atagawika patatu ngati mtedza m'khoko lake.
Lina lakhwima ndithu
koma likadali ndi kankhuni kamodzi m'mimba.
Ndalizindikira. Ndi mmodzi wa ana aja.

Selo loyera likakhwima limagwira ntchito masiku owerengeka
kenako limafa, mwakachetechete, kusiyira ena malo.
Ndizo zokha zimene tawakumbutsa.
Chaka chino ndi cha 22 ndili pampando uno
ndipo izi ndikamaziganiza ndimaiwala kumeza malovu.

M'mawa uno akuti anapempha kawaya ndi pulayala.
Ambulera ya Edileuza, yothyoka nthiti ziwiri kuyambira Epulo,
yaima pakhomo la wodi, yotambasuka, ikuuma.
Waitchaja mtengo wonse, osachotsako kanthu.

Ndikulemba tsiku pakona ya galasi ndi pensulo,
ndikuliika m'bokosi kumbuyo kwa anzake 18.
Basi yoyamba ya ku Olinda imanyamuka 4:40.
Khofi uja ndimwa choncho.